Thadzi Lagalasi la Mayi Elube

Kalekale, koma osati kale la anthu ovala nyanda ayi, kale lapafupi lomweli pamene munthu akagula wailesi anzake ankabwera kudzaiona, ku Bangwe kunali mayi ena dzina lawo Elube Nachisale. Mowa sankamwa, fodya sankasuta, miseche ankaichita mwa apo ndi apo ngati wina aliyense. Matenda awo anali amodzi basi: ziwiya zagalasi.

Pabalaza pawo panali kabati yaitali yotsala pang'ono kugunda denga. M'kabatimo munali matambula, majagi, mabakuli, mbale za zipatso, timbale ta shuga, ndi tina toti ngakhale eni akewo sankadziwa ntchito yake. Zina anagula kwa azungu a m'maesiteti a tiyi akamagulitsa katundu pobwerera kwawo. Zina anazifukula m'masitolo akale a ku Limbe zitakwiririka ndi fumbi. Zatsopano sankazifuna n'komwe. Ankati galasi la masiku ano ukaligogoda limalira ngati chitini, pamene lakale limayimba.

Nanga mukuganiza kuti ankadyeramo? Ayi ndithu! Kabatiyo inkakhala yokhoma, kiyi ali pachingwe m'khosi mwawo, ndipo chingwecho ankachivula posamba pokha. Amuna awo, a Gwedeza, anakhala m'nyumbamo zaka makumi anayi akumwera madzi m'kapu yachitsulo, matambula makumi atatu akungowayang'ana. Abusa akabwera ndiye ankapatsidwa tambula, komabe ankamwa Mayi Elube ataima pambali, manja atatchera kunsi kwa chigongono cha mlendoyo. Kukagwa maliro kapena ukwati, amayi anzawo akamasonkha mbale, iwo ankatulutsa za pulasitiki nkhope ili gwa.

Tsono pa shelefu yapakati panali chinthu chimodzi chimene chinkawadya mtima. Chinali chisa chagalasi chobiriwira, choumbidwa ngati kadengu kolukaluka, koma chopanda chivundikiro. Chivundikiro chake chinali thadzi, nkhuku yagalasi yokhalira mazira, ya lipombo lofiira pamutu ndi timaso takuda topaka utoto. Mayi Elube analiona ali kamtsikana ku esiteti ina ya ku Thyolo kumene bambo awo ankaphikira mzungu. Dona wa kumeneko ankasungiramo batala, ndipo kamtsikanako kankasuzumira pawindo la khitchini mpaka bambo ake kukathamangitsa ndi chipande. Patapita zaka, atamva kuti katundu wa nyumba ija akugulitsidwa, anathamangirako, koma anapeza chisa chokha. Thadzi linali litasowa, ndipo palibe amene ankadziwa kumene linalowera. Zaka makumi awiri chisacho chinakhala chili yasa m'kabati.

Kunalinso bambo ena a ku Blantyre, a Chipofya, amene ankagula zinthu zakale n'kumakagulitsa kwa eni mahotela. Awa ndiye ankadziwa mtengo wa galasi. Akalitenga ankaligogoda ndi chala kuti amve kulira kwake, ankayendetsa chikhadabo m'mbali kufuna pobenthuka, kenako ankaliloza kudzuwa kuti aone timathovu ta m'kati, poti galasi lakale silisowa timathovu. Mayi Elube ankawaitana kawiri pa chaka.

"Mayi, chisa chokhachi ndi mbale ya mchere basi," ankatero a Chipofya. "Koma thadzi lake litapezeka, lili ndi utoto wake womwe linabwera nawo, ziwirizi zikhoza kufolera nyumba yanu yonseyi ndi malata atsopano, ena n'kutsalira khitchini."

"Wakuuzani ndani kuti ndikugulitsa?"

"Nanga mumandiitaniranji, mayi?"

"Kuti ndizimva," ankayankha Mayi Elube, uku akukhoma kabati.

M'mawa wina akupukuta fumbi, dzanja lawo linanjenjemera lokha, tambula n'kupulumuka. Phwaa! Chiyambire kusonkhanitsa magalasi anali asanaswepo ngakhale sosala. Anakhala pansi miyendo tambalale n'kuyamba kulira mokweza, moti amayi oyandikana nawo anafika atamanga kale zitenje akufunsa kuti watisiya ndani. Anthu anaseka, koma Mayi Elube anachita mantha enieni. Anadziwa kuti manja awo ayamba kutha. Ndipo ankaudziwa bwino mtundu wawo: tsiku lomwe iwo adzatseke maso, achibale adzagawana uyu tambula, uyu bakuli, ndipo pakutha pa mwezi wina adzakhala akusungiramo misomali.

Anaitanitsa ana awo aakazi atatu, onse akuluakulu a pabanja: Fanesi, Layina ndi Dorika.

"Ana inu, kabati iyi siigawika," anatero atagwira kiyi wa m'khosi uja. "Ipita kwa munthu mmodzi, yonse, ndikali moyo. Amene athetse ludzu langa la thadzi lija, kiyi uyu ndi wake."

Atatero anadula tizingwe titatu tofanana ndi kamwa la chisa chija, aliyense kake, kuti akapeza thadzi ayezere. M'mutu mwawo ankaganiza kuti mmodzi ndiye adzalimbike, enawo adzatopera panjira. Zimene zinachitika kumeneko iwo anazimva pang'onopang'ono, koma inu ndikuuziranitu zonse.

Fanesi, wamkulu, ankagula nkhuku m'midzi n'kumakagulitsa pamsika wa Limbe. Anali wolimbikira, koma pakamwa pake panalibe chitseko. Miyezi isanu ndi itatu anayenda khomo ndi khomo, ndipo paliponse akatha kugula ankafunsa kuti, "Kodi kuno simunaoneko nkhuku yagalasi?" Ena ankamuseka, ena ankamupatsa madzi kuti akhale kaye pamthunzi. Tsiku lina cha ku Luchenza anafika pakhomo pa nkhalamba ina, a Makwinja, amene anamuuza kuti alowe yekha m'khola asankhe yomwe waikonda. Fanesi anakwawira mumdimamo n'kumbwandira thadzi lina limene linali phee pakona. Thadzilo silinalire, silinapalepale, ndipo linali lozizira. Atatuluka nalo panja anaona kuti pansi pa zitosi pakuwala galasi lobiriwira, pamutu lipombo lili psuu. Anatulutsa kachingwe kaja n'kuyeza. Ndendende!

Munthu wanzeru akanangoti, "Agogo, chidole ichi ndipatseni ana azikaseweretsa." Koma uyu anali Fanesi.

"Mayo ine! Thadzi la amayi!" anakuwa mpaka agalu kuyamba kuuwa. "Malata a nyumba yonse ali m'khola la nkhuku!"

A Makwinja, amene analitola kudzala pa nthawi imene ankalondera ku esiteti, anadzuka ngati si nkhalamba n'kulitsomphola.

"Bwera nalo kuno, mwana iwe. Ili silichoka pakhomo pano. Chiliikireni m'kholamu, chitopa chimangodutsa kumsewu. Kwa anzanga nkhuku zimatha psiti, zanga zili gwa. Ndi tambala wanga yemwe amalikonda kuposa akazi ake onse."

Fanesi anapereka nkhuku zonse zimene anagula tsiku limenelo, nkhalamba inakana. Anagwada, inakana. Anabwerera ku Bangwe chimanjamanja, koma ndi nkhani yomwe amayi ake anaidikira zaka makumi awiri. Mayi Elube atamva anaimba nthungululu, kenako atamva zotsatira zake anamuponyera nsapato.

Layina, wachiwiri, anali telala, ndipo lilime lake linali loti akhoza kukugulitsa malaya a mkono umodzi iwe n'kuthokoza. Iye anangoti, "Amayi, siyirani ine." Anapita ku Luchenza kawiri osatchula n'komwe za thadzi. Ankangokhala pakhonde kuthandiza akazi a Makwinja kutong'ola chimanga, makutu ali tcheru. Anazindikira kuti mkuluyo za malata analibe nazo ntchito, chimene ankaopa chinali chitopa, ndipo thadzilo akanalitaya pokhapokha atapeza china champhamvu kuposa ilo. Ndiye m'mawa wina, amayi ake ali kubafa, chingwe cha kiyi chili pamsomali, Layina anatsegula kabati n'kutulutsa jagi ina yabuluu, yokhala ndi matambula ake asanu ndi imodzi. Anasendeza bakuli kutseka mpatawo, n'kubwezera kiyi pamsomali amayi ake asanathe kutsuka kumapazi. Ulendo wachitatu anatengana ndi Dorika.

"Agogo, ine ndabwera kudzakuchenjezani," anatero Layina atakhala pansi mwaulemu. "Mankhwala aliwonse amasukuluka. Thadzi lanulo lakalamba, ndipo ntchito yake n'kungoopseza chitopa basi. Taonani iyi. Iyi ili ndi pakamwa. Chitopa chikangolowa m'khola chimagwera m'katimu, osatulukanso."

A Makwinja anaitembenuza jagiyo uku ndi uku, kenako anaika khutu pakamwa pake.

"Iii, mukumveka kanthu m'katimu! Mukuti wuuu."

"Imeneyo ndi njala yake, agogo. Chichokereni kwathu sinadye."

Basi, nkhalamba inalowa yokha m'khola, kuikamo jagi, kutulutsa thadzi. Akuti tambala uja anakhala masiku atatu osalira.

Dorika, mzime, anali wofatsa, wamphamvu ngati mwamuna, ndiponso waukhondo woopsa. Mapoto ake munthu ankatha kupesera tsitsi akudziyang'anamo. Pobwerera, awiriwo anakwera lole ya matola yodzaza kabichi ndi anthu pamwamba, thadzi lili pamiyendo pa Layina. Ali pamtsetse wina, tayala linaphulika, phuu! Lole inayamba kuvina, kabichi kumwazika, anthu kuitana amayi awo. Layina anaponya thadzi m'mwamba n'kugwira wigi yake ndi manja awiri. Dorika ataona thadzi likuuluka kudutsa m'mbali mwa lole, sanaganize kawiri, analumpha kulitsatira. Analiwakha m'malere n'kukagwa chafufumimba m'ngalande, manja ali m'mwamba. Mano awiri akutsogolo anatsala pomwepo, dzanja lamanzere linabinya, koma thadzi silinabenthuke ngakhale pamlomo.

Kuchokera pamenepo anakana kukweranso chilichonse chokhala ndi matayala. Analibereka kumbuyo ndi chitenje n'kuyenda wapansi mpaka kwake ku Bvumbwe. Amayi okumana naye ankafunsa kuti, "Mwanayo akudwala?" Iye ankangoti, "Wagona." Kutacha analimasula n'kuona zitosi za zaka makumi awiri zitauma gwa, ndipo anachita manyazi. Angapite nacho bwanji kwa amayi ake chinthu chonyansa chotere? Anatenga mchenga wa kumtsinje, phulusa, ndi kawaya kokwechera mapoto, n'kulipana ndi mawondo. Anakwecha ndi dzanja limodzi lomwelo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kufika paliwombo.

Loweruka onse atatu anafika ku Bangwe, Fanesi patsogolo akulengeza kwa aliyense wa mumsewu. Mayi Elube anatsegula kabati, anatulutsa chisa n'kuchiika patebulo. Dorika anamasula chitenje. Thadzi litakhala pachisa chake linangoti kho, ngati silinachokepo. Abale, Mayi Elube analira! Analira ngati kamtsikana ka pawindo kaja, ndipo a Gwedeza nawonso anapukuta m'maso. Koma misozi itauma, Mayi Elube anawerama kuti aliyang'ane bwino.

"Lipombo lili kuti?" anafunsa. "Nanga maso?"

"Ndatsuka, amayi," anatero Dorika akumwetulira, mpata wa mano uli poyera. "Zofiirazo zinandivuta kwambiri, koma zachoka zonse."

Anatumiza uthenga kwa a Chipofya, ndipo anafika masana omwewo thukuta lili kamukamu. Analigogoda thadzilo, linayimba. Analiloza kudzuwa, timathovu tinalimo. Kenako anayendetsa chala pamsana pake pomwe panali mizeremizere ya mchenga, n'kukhala pampando osauzidwa.

"Ndi lomwelo, mayi, lenileni. Koma ndani walichita chipongwe chotere? Za malata a nyumba zija iwalani. Apa mwina a bafa, nalonso likhale laling'ono." Anatembenukira kukabati kuti apumitse maso, n'kudzidzimuka. "Nanga jagi yabuluu ija mwagulitsa kwa ndani osandiuza? Matambula akewo popanda iyo ndi ana amasiye, palibe angawafune."

Mayi Elube anasendeza bakuli lija n'kuona mpata. Anayang'ana amuna awo.

"Ine musandiyang'ane, amake Fanesi," anatero a Gwedeza. "Kabatiyo sindidziwa ngakhale fungo la m'kati mwake."

"Ili ku Luchenza, amayi," anatero Layina akuyang'ana zikhadabo zake. "Ikugwira ntchito m'khola."

Pamenepo ndiye panabuka phokoso loti oyandikana nawo anabweranso, ulendo uno atanyamula mipando.

"Miyezi isanu ndi itatu ndikutchedwa wamisala m'midzi ya eni!" anakuwa Fanesi. "Popanda ine, bwenzi mpaka lero thadzili likufunsiridwa ndi tambala. Inu awiri munalidziwa kumene linali?"

"Munalipeza, achemwali, n'kulitayanso ndi pakamwa panu," anayankha Layina. "Munabwera ndi nkhani, ine ndabwera ndi thadzi. Mukanatseka pakamwa, jagi ya amayi ikanakhala ili pamalo pake."

"Ukutcha kuba kuti nzeru?"

"Nanga munthu akaba kwa amayi ake n'kugulira amayi ake omwewo, waba chiyani?"

Dorika sanakweze mawu. Anangokweza dzanja lake lomanga nsanza n'kunena kuti, "Achemwali onse awiri, popanda ine mukanabwera ndi magalasi oswekasweka m'mpango. Wina anagwira wigi. Mano anga ali m'ngalande."

"Ndiye n'chifukwa chake walichotsa maso kuti mufanane kulumala?" anatero Layina.

Dorika anayamba kusisima, ndipo Mayi Elube anamenya tebulo, pang'onopang'ono kuopa thadzi.

Mayi Elube anakhala pampando, thadzi ndi chisa chake zili pamiyendo. Linali ladazi, lakhungu, lokandikakandika, komabe linali lomwe lija, ndipo anadabwa kuona kuti akulikonda chimodzimodzi. Mtima wawo unali wodzaza chimwemwe ndi ukali nthawi imodzi. Anayang'ana Fanesi, amene anayenda mpaka zidendene kung'ambika, n'kuona kuti akamupatsa kabati, pofika mawa mbava zonse za mu Limbe zidzakhala zikudziwa mtengo wa tambula iliyonse. Anayang'ana Layina, yekhayo amene ankamvetsa chimene munthu amafuna pa chinthu, n'kuona mabakuli awo akutuluka limodzilimodzi kukasinthidwa ndi zinthu zina. Anayang'ana Dorika, amene anataya mano chifukwa cha iwo, n'kumuona Loweruka lililonse atakhala pakhonde ndi mchenga, kabati yonse ili pamphasa.

Anayesa kuimika nkhaniyo kuti aione tsiku lina. Koma pomwe ankati anyamule thadzi kuti alibwezere m'kabati, manja aja anayambanso, chivundikiro chikugogoda pachisa, ngwe ngwe ngwe, mpaka ana onse atatu anathamangira kudzagwirira. Mayi Elube anadziwa kuti tsiku lina limenelo palibe. Anavula chingwe m'khosi, kiyi akulendewera, ndipo manja atatu anatambasuka, limodzi lili lomanga nsanza.

Ine pamenepa ndiye pomwe ndikuima, chifukwa ndikatchula dzina ena a inu simundipatsanso moni. Musandiuze zoti agawane, poti eni ake anakana kale pamaso pa ana awo. Musandiuzenso zoti apatse a Gwedeza, amenewo angoyamba kumwera thobwa m'mbale ya zipatso. Wina analipeza n'kulikwezera mtengo ndi pakamwa pake. Wina analiwombola ndi katundu wakuba m'kabati momwemo. Wina analipulumutsa ndi mano ake, kenako n'kulikwecha ndi manja ake. Tsono inu amene mwakhala duu kumvetseraku, tandiuzani: mukanakhala Mayi Elube, manja akunjenjemera chotero, kiyi ameneyu mukanamuika m'dzanja la ndani?